Funsani za Mano: Lomata ndi Liti, Lozula ndi Liti?

Mafunso a mwezi uno achokera kwa abale athu okhala ku Joni ndi m'madera ozungulira. Akuyankha ndi madokotala a mano. Mayina a ofunsa tawasiya.

Adokotala, ndimagwira ntchito yaulonda usiku. Dzino lakumapeto kumanzere linayamba n'kunyerenyetsa ndikamwa madzi ozizira, koma tsopano likuwawa lokha, makamaka ndikagona. Anzanga akuti ndizithira ufa wa Grand-Pa pobookapo, ena akuti ndipeze amoxicillin. Kodi ndingokazulitsa? — Mlonda, Tembisa

Achimwene, ufawo musauthirenso padzino. Mu Grand-Pa muli aspirin, ndipo aspirin akakhalitsa pankhama amaziwotcha: pamalopo pamayera, khungu limasupuka, n'kutsala bala pambali pa dzino limene likuwawabe. Mankhwala opha ululu amagwira ntchito mukawameza. Munthu wamkulu atha kumwa ibuprofen wa 400 mg atadya, katatu patsiku, kapena paracetamol wa 1000 mg maola 6 aliwonse, osapitirira 4000 mg patsiku. Mu Grand-Pa mulinso paracetamol, choncho kumuphatikiza ndi Panado n'kudzichulukitsira mankhwala amodzimodzi, ndipo chovulala ndi chiwindi. Amene ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso kapena pathupi asamwe ibuprofen.

Dzino lili ndi zigawo zitatu. Kunja kuli enamel, chikutu cholimba chimene chilibe mitsempha, n'chifukwa chake dzino limayamba kubooka mwini wake osamva kanthu. Pansi pake pali dentine, yofewa pang'ono, yokhala ndi timabowo tating'onoting'ono toloza m'kati. Bowo likafika pamenepo ndiye munthu amamva kunyerenyetsa kwa madzi ozizira kapena zotsekemera, kumene kumatha m'masekondi ochepa. Imeneyo ndiyo nthawi yomata, ntchito ya ulendo umodzi. M'kati mwenimweni muli mtsempha ndi timitsempha ta magazi. Dzino likamawawa lokha, ululu n'kumakula mukagona, ndiye kuti mtsemphawo watupa m'kachipinda kopanda potambasukira, ndipo pamenepo kumata kokha sikuthandizanso.

Amoxicillin sachiza dzino lotere, chifukwa gwero la vutolo lili m'kati momwe magazi sakuyendanso bwino. Ululu ukadzasiya wokha musadzati lapola. Kawirikawiri ndiye kuti mtsempha wafa, ndipo majeremusi akutsikira kunsonga ya muzu kukapanga mafinya.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi root canal. Dokotala amajambula X-ray, amabaya jakisoni wa dzanzi, amaveka dzinolo kalabala kopyapyala kuti malovu asalowe, kenako amaboola pamwamba n'kuchotsa mtsempha. Njira za m'mizu amaziyeza kutalika, amazipala ndi titsulo topyapyala, amazitsuka ndi mankhwala opha majeremusi, n'kuzitseka ndi gutta-percha, chomatira chonga labala. Dzino lakutsogolo nthawi zambiri lili ndi njira imodzi, lakumapeto ngati lanulo lili ndi zitatu kapena zinayi, ndipo imodzi ikaphonyedwa ululu umadzabweranso. Pamafunika ulendo umodzi mpaka itatu. Chimene ambiri amalakwitsa n'kusowa ululu ukangotha, atamatidwa zongoyembekezera. Zimenezo zimagumuka, majeremusi n'kulowanso, ndalama zonse n'kupita pachabe. Dzino lakumapeto likapangidwa root canal limakhala litapyapyala makoma, motero limafunika kuvekedwa crown, chisoti chophimba dzino lonse, kuti lisang'ambike potafuna.

Yachiwiri n'kuzula, yotchipa komanso yachangu. Koma mpata ukakhalitsa, mano oyandikana nawo amapendekera momwemo, la kunsagwada inayo limatalika posowa lokumana nalo, ndipo fupa la pamenepo limaphwa. Kuzula n'koyenera ngati dzino lang'ambika mpaka kumuzu, ngati lawola kupitirira m'munsi mwa nkhama, ngati likugwedera chifukwa fupa linatha, kapena ngati ndi dzino lomera mochedwa lakumapeto kwenikweni lomwe silikutafuna chilichonse. Lanulo musaligamule musanaone X-ray. Funsani dokotala mwachindunji ngati lingapulumuke, ndipo akulembereni mtengo wa ntchito yonse, crown yomwe, musanayambe.

Makiliniki a boma amene ali ndi gawo la mano amazula, amatsuka, ena amamatanso. Ntchito zazikulu zimachitika ku Wits Oral Health Centre, pachipatala cha Charlotte Maxeke ku Parktown, komwe ophunzira amagwira ntchito moyang'aniridwa ndi akatswiri. Kumafunika kuleza mtima chifukwa anthu amachuluka.

Pali zizindikiro zosayenera kudikira nazo kuche: tsaya kutupa mpaka kudiso, kutupa pansi pa chibwano kapena pansi pa lilime, kulephera kuyasamula kapena kumeza malovu, kubanika, kutentha thupi. Pitani ku casualty, gawo la odwala mwadzidzidzi, usiku womwewo, kaya ku Charlotte Maxeke, ku Helen Joseph kapena ku Baragwanath. Mafinya a dzino lam'munsi atha kutupitsa khosi mpaka kutseka mpweya. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi.

China, achimwene: tiyi wa shuga wopsontha usiku wonse ndi zakumwa zothamangitsa tulo zija ndizo zimamaliza mano a alonda ambiri. Imwani pa nthawi imodzi, mutsirize, kenako madzi.

Mwana wanga wa zaka zitatu mano akutsogolo am'mwamba ada ndipo akunyenyeka. Amagona ndi botolo la tiyi kapena juwisi. Agogo ake akuti tisavutike, adzaguluka okha. — Mayi, Rosettenville

Mayi, kuguluka adzaguluka, koma osati msanga. Mwana amakhala ndi mano 20. Akutsogolo amachoka ali ndi zaka 6 kapena 7, pamene akumapeto amakhalapo mpaka zaka 10 kufika 12. Zaka zonsezo dzino lowola limawawa, limamukanikitsa kudya, ndipo mafinya a pamuzu wake atha kuwononga dzino lachikulire lomwe likukula pansi pake. Dzino la mwana likachoka nthawi isanakwane, anzake amasunthira pampatapo, lachikulire n'kudzamera mokhota.

Botolo ndilo lachita zimenezi. Majeremusi a m'kamwa amadya shuga n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula enamel. Malovu amafuna mphindi 30 kufika ola kuti achotse asidi n'kubwezera mchere wa m'dzino. Munthu akagona malovu amachepa kwambiri, choncho mwana woyamwa juwisi m'tulo mano ake amakhala mu asidi usiku wonse. Am'munsi amatetezedwa ndi lilime, n'chifukwa chake oyamba kuda ndi am'mwamba. Chofunika kuwerenga si kuchuluka kwa shuga kokha, koma kuti walowa kangati m'kamwa patsiku. Suwiti imodzi m'mawa, ina masana, ina madzulo zimawononga kuposa zitatuzo zitadyedwa pamodzi pambuyo pa nsima.

M'botolo la usiku muzikhala madzi okha, ndipo pa msinkhu umenewu azimwera m'kapu. Muzimutsuka nokha kawiri patsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, mchere wolimbitsa mano, wosachepera 1000 ppm. Nambalayi imalembedwa pachubu, ndipo mankhwala ena a ana amakhala ndi wochepa. Mwana wosafika zaka zitatu mumupakire pang'ono ngati kanjere ka mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 ngati njere ya nandolo. Alavule, koma asachukuche ndi madzi. Mupitirize kumuthandiza mpaka zaka 7 kapena 8.

Mupite naye kuchipatala tsopano. Pamene pangoyera ngati choko m'mphepete mwa nkhama, dokotala amapaka fluoride wamphamvu ndipo kuwolako kumatha kuima. Pobooka amamata ndi glass ionomer kapena composite, zomatira zooneka ngati dzino. Akamakwanitsa zaka 6 mudzayang'ane kumbuyo kwa mano ake onse: kumamera dzino lalikulu popanda lina kuguluka, ndipo makolo ambiri amaliyesa la umwana. Limenelo ndi la moyo wonse. Timizere ta pamwamba pake dokotala atha kutitseka ndi sealant, popanda jakisoni, lisanabooke.

Ndikamatsuka mano ndimalavula magazi, ndipo akunyumba akudandaula fungo la m'kamwa. Ndasiya kutsuka mbali yotuluka magaziyo. — Bambo, Mayfair

Bambo, mbali imeneyo ndiyo yofunika kutsuka kwambiri. Magaziwo akutuluka chifukwa litsiro lofewa lodzaza majeremusi lakhala m'malire a dzino ndi nkhama, nkhamazo n'kutupa. Tengani mswachi wofewa, muupendeketse kuti ubweya wake uloze pamene dzino lalowera m'nkhama, muziyendetsa pang'onopang'ono mano awiri kapena atatu nthawi imodzi, kunja, m'kati ndi potafunira, kwa mphindi ziwiri, kawiri patsiku. Kutsuka kwa usiku ndiko kosayenera kudumpha. Mankhwala akhale a fluoride wa 1350 mpaka 1500 ppm, ndipo mukalavula musachukuche. Pakati pa mano mswachi sufika: pamafunika ulusi wa mano kapena kaburashi kolowa m'mipata, kamodzi patsiku. Machesi ndi mapini amangobaya nkhama. Lilime nalonso lizitsukidwa, fungo lambiri limachokera kumbuyo kwake. Mswachi usinthidwe pakatha miyezi itatu, kapena ubweya ukangoyamba kutambasuka. Mukachita zimenezi, magazi amachepa m'masabata awiri.

Litsiro likauma limasanduka tartar, yolimba, yachikasu kapena yakuda, imene imakonda kuseri kwa mano akutsogolo am'munsi. Imeneyo siichoka ndi mswachi, amachita kuipala kuchipatala ndi makina. Ena amadandaula kuti atawapala mano anatsala ndi mipata. Mipatayo inalipo kale, inali yodzaza ndi tartar.

Mupemphe kuti akuyezeni nkhama. Dokotala amalowetsa kachitsulo kokhala ndi mizere pakati pa dzino ndi nkhama. Kakalowa mamilimita 1 mpaka 3 zili bwino. Kuyambira 4 kupita m'tsogolo n'kutheka kuti fupa logwira dzino layamba kudyeka, ndipo fupa limenelo likapita silibwerera, chotheka n'kuimitsa matendawo. Fodya amakulitsa vutoli komanso amalibisa, chifukwa nkhama za wosuta sizituluka magazi msanga. Matenda a shuga nawonso amayendera limodzi ndi matenda a nkhama, choncho ngati simunayezetse shuga posachedwapa, kayezetseni.

Anandimata dzino kumudzi ndi chinthu chakuda ngati chitsulo zaka zambiri zapitazo. Ndamva kuti muli poizoni. Ndichotsetse? — Mayi, Yeoville

Imeneyo ndi amalgam, yosakaniza mercury (ndiye poizoni amene mwamvayo) ndi siliva, tin ndi kopa. Mayiko akuichepetsa kutsatira pangano la Minamata la 2013, makamaka pofuna kuteteza chilengedwe ku mercury. Ngati ili yolimba, sinasweke, ndipo X-ray sikuonetsa kuwola pansi pake, isiyeni. Kuichotsa kumadya mbali ina ya dzino labwinobwino. Ikadzatha adzakuikirani composite, yofanana ndi mtundu wa dzino, imene amaimata pang'onopang'ono n'kumaiumitsa ndi kuwala kwabuluu. Composite imadana ndi chinyezi: malovu akalowa pomata, m'mphepete mwake mumadzada ndipo dzino limayambanso kuwola.

Mano anga ali ndi mawanga ofiirira chiyambire ndili mwana ku Nsanje. Ndayesa makala, phulusa, ndimu ndi soda koma sizikutheka. Kodi mankhwala oyeretsa mano angathandize? — Mtsikana, Turffontein

Achemwali, siyani zonsezo lero. Makala ndi phulusa zimapala enamel, ndimu amaisungunula, ndipo enamel ikatha siimeranso. Ikapyapyala, dentine yachikasu ya pansi imaonekera, mano n'kuoneka achikasu kuposa kale, kuwonjezera kunyerenyetsa.

Mawanga amene munthu wakula nawo, opezeka pamano ambiri mofanana mbali zonse ziwiri, kawirikawiri ndi fluorosis. Imabwera mwana akamamwa madzi okhala ndi fluoride wochuluka pa zaka zimene mano akupangika, asanafike zaka 8. Bungwe la WHO linaika malire a 1.5 mg pa lita, ndipo mijigo ina ya kuchigwa cha Shire ndi ku Machinga imapitirira pamenepo. Si uve, ndipo mtunduwo uli m'kati mwa enamel, n'chifukwa chake kukwecha sikukuthandiza.

Chithandizo chimayambira pa chopepuka. Ngati mawangawo ali pamwamba, dokotala amachita microabrasion: amapaka mankhwala a asidi osakaniza ndi ufa wosalala, n'kuchotsa kagawo kochepa kwambiri ka enamel, nkhama atazitchinga. Kenako pamabwera kuyeretsa. Njira yodalirika ndi yoti dokotala adinde mano anu n'kukupangirani timapulasitiki tokwana inu nokha, momwe mumaikamo carbamide peroxide wa 10 peresenti, kadontho kamodzi padzino lililonse, n'kuvala usiku kwa masabata awiri kapena kupitirirapo. Mankhwala akachuluka amasefukira n'kuwotcha nkhama. Mano akayamba kunyerenyetsa mumapumira tsiku limodzi kapena awiri. Mabowo ndi matenda a nkhama ziyambe zachizidwa. Zomata ndi ma crown sizisintha mtundu, choncho zakutsogolo zimafunika kusinthidwa pambuyo pake, patatha masabata awiri chimalizireni kuyeretsa, kuti composite igwire bwino. Amayi oyembekezera ndi ana osafika zaka 18 adikire.

Mawanga ozama amaphimbidwa ndi composite kapena veneer, kachikutu kopyapyala komatidwa kutsogolo kwa dzino, koma zimenezo zikhale zomaliza.

Ndikufuna dzino lagolide ngati anzanga, kapena ma veneer oyera aja. Pali wina pa Facebook amaika pamtengo wotsika, amaikanso mawaya owongola mano. — Mnyamata, Hillbrow

Mphwathu, kufuna kuoneka bwino si mlandu, koma dziwani chimene mukupereka. Kuti golide alowe m'dzino, dokotala amasema dzinolo. Veneer ya porcelain imafuna kuchotsa pafupifupi theka la milimita kutsogolo kwa dzino. Crown imafuna kusema mbali zonse, milimita imodzi kufika awiri. Chosemedwacho chapita mpaka kalekale, ndipo chovekedwacho chimadzafuna kusinthidwa kangapo pa moyo wa munthu wa msinkhu wanu. Ambiri amene amaonetsa mano oyera mbee pa intaneti anavekedwa ma crown pamano amene analibe vuto, ena mwa manowo mitsempha yake n'kudzafa. Ife sitilimbikitsa kusema dzino lamoyo chifukwa cha fasho. Ngati vuto ndi kampata kapena kakona kobenthuka, composite imamatidwa pamwamba popanda kusema kapena kusema pang'ono chabe, ndipo ikabenthuka imakonzeka.

Golide weniweni wa mano sawononga m'kamwa. Choopsa n'chovala chosakwana bwino: m'mphepete mukatsala kampata, zakudya zimalowa, dzino limawolera m'kati osaoneka, nkhama zimatupa, m'kamwa n'kumanunkha. Zitsulo zotchipa zokutidwa golide pamwamba zimasupuka, ndipo zokhala ndi nickel zimayabwa anthu ena.

Za mawaya ndiye tikukuletsani ndithu. Waya amakankha dzino kuti liyende m'fupa, ndipo mphamvuyo imayezedwa, pambuyo pojambula X-ray, n'kumaonedwanso masabata 4 mpaka 8 aliwonse. Mphamvu ikapyola, mizu imafupika ndipo mano amagwedera. Aliyense wogwira m'kamwa mwa munthu kuno ayenera kukhala wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira ogwira ntchito zachipatala la Health Professions Council of South Africa, ndipo dzina lake mutha kulifufuza m'kaundula wawo pa intaneti. Zida zosaphikidwa bwino zimafalitsa hepatitis B ndi HIV.

Ndinazulitsa mano atatu akumapeto ndipo nyama ndi chimanga chootcha zikundikanika. Njira yabwino yobwezera ndi iti? — Agogo, Alexandra

Agogo, yotchipa ndi mano ovula a pulasitiki yotchedwa acrylic. Amadinda m'kamwa, amayesa, n'kukupatsani pakatha maulendo angapo. Masabata oyamba amakhula ndipo amafunika kukasemedwa pamene akupweteka. Musawapale nokha ndi mpeni. A chitsulo cha cobalt chrome ndi opyapyala, amagwira bwino, koma ndi okwera mtengo. Onsewa muziwavula pogona, muwatsuke ndi burashi ndi sopo wamadzi pamwamba pa beseni la madzi kuti akapulumuka asasweke, n'kuwaviika m'madzi ozizira. Madzi otentha amawapinda. Kugona nawo kumabweretsa mafangasi ofiiritsa m'kamwa.

Bridge, mano opanga omangirira ku mano oyandikana ndi mpata, ndi yosavula, koma nthawi zambiri imafuna dzino lolimba mbali zonse ziwiri za mpata, ndipo manowo amasemedwa. Ngati kumbuyo kulibe dzino lotsala, kawirikawiri siitheka. Implant ndi kachitsulo ka titanium kolowetsedwa m'fupa, kamene kamafuna miyezi 3 mpaka 6 kuti kagwirane nalo asanaikepo dzino. Siikhudza mano oyandikana nawo, koma ndiyo yodula kuposa zonse, imafuna fupa lokwanira, ndipo mwayi woti ilephere umakula kwa osuta fodya ndi amene shuga wawo sakutsika. Ngati mumamwa mankhwala osungunula magazi kapena olimbitsa mafupa, muuzeni dokotala asanagwire chilichonse.

Anandizula dzino Lolemba. Lachinayi layamba kuwawa kuposa kale, mpaka kukhutu, ndipo pakununkha. — Mayi, Diepsloot

Zikuoneka kuti magazi oundana amene amatseka bowolo achoka, fupa latsala pamtunda. Zimachitika pakatha masiku awiri mpaka anayi, makamaka kwa amene wasuta, wachukucha mwamphamvu, wamwera m'kapaipi kapena watokosa pabalapo. Bwererani kumene anakuzulani: amatsuka bowolo n'kuikamo mankhwala oziziritsa, ndipo ululu umatsika msanga. Pofuna kupewa, munthu akazulidwa alume thonje mphindi 30, asachukuche kapena kulavulalavula kwa maola 24, asasute kwa masiku atatu, ndipo asamwe aspirin chifukwa amachedwetsa magazi kuundana. Tsiku lotsatira ayambe kuvumata madzi ofunda a mchere, theka la supuni yaing'ono m'kapu imodzi, katatu kapena kanayi patsiku.

Mwana wanga wa zaka 11 amasewera mpira kusukulu. Dzino litaguluka lonse ndi muzu womwe, ndingatani? — Bambo, Cosmo City

Litoleni pogwira mbali yoyera yotafunira, osakhudza muzu. Ngati lada, litsukuluzeni mumkaka kapena pamadzi kwa masekondi ochepa, osakwecha, osathira sopo, chifukwa pamuzupo pali timinofu tamoyo tomwe timalilumikizanso kufupa. Libwezereni pabowo pake nthawi yomweyo, moyang'ana mmene anzake ayang'anira, mwanayo alume kansalu koyera. Zikakanika, liikeni m'kapu ya mkaka wozizira, osati m'madzi kapena m'pepala, chifukwa likauma kupitirira ola limodzi mwayi woti ligwirenso umachepa kwambiri. Thamangani nalo kwa dokotala, amene adzalimangirira ku mano oyandikana nalo kwa masabata awiri, ndipo nthawi zambiri limadzafunika root canal. Dzino la umwana lokha ndilo silibwezeredwa, poopa kuvulaza lachikulire lomwe lili pansi. Ngati amasewera rugby kapena hockey, mupangitsireni chotchinga mano chodindidwa kwa dokotala, ndipo chizisinthidwa pamene nsagwada zikukula.